KOMPYUTA YAKALE IKALIRA, TIYAMBE TAMVETSERA

Pa tchuthi chapitachi ndidapeza amayi atatulutsa katundu yense wa m'chipinda cha malemu agogo aamuna, ati achikonze kuti muzigona alendo. Pakati pa mipando yothyoka ndi nyuzipepala zodyeka ndi chiswe padali kompyuta yachikasu ndi ukalamba, ya mtundu uja wa 486, imene agogowo adagula kwa munthu wina m'chaka cha 1998 atangopuma pa ntchito. Amayi adati aigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakale, poti munthu wina adaiyatsapo ndipo idangolira katatu osaonetsa kanthu pa sikirini. "Idafa kalekale imeneyi," adatero amayi. Ine mtima udandiwawa, chifukwa tonse pabanja tinkadziwa kuti agogo adatha zaka zambiri akulemba m'kompyutamo mbiri ya mtundu wathu: maina a makolo, kumene adachokera ndi malire a minda. Mapepala a zimenezi palibe amene adawaona.

Tsono inu anzanga, abambo ansembe ndi makolo amene mumawerenga magazini ino, maganizo anga ndi awa: kompyuta imene ikulira siinafe ai. Ikukuuzani pamene pakuvuta, ndipo ife timaitaya chifukwa chosadziwa chinenero chake. Chinenero chimenechi nchosavuta, kotero kuti mwana wa Fomu 1 angathe kuchiphunzira, ndipo ndikuona kuti ndi bwino tichiphunzire tisanapatsidwe ufulu wonena kuti makina akutiakuti adafa.

Kodi kulira kumeneku kumachokera kuti? Pa bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta pamakhala katchipi, kachidutswa kakuda ka miyendo yambiri, kamene kamasunga pulogalamu yotchedwa BIOS. Pulogalamu imeneyi siifufutika magetsi akazima, ndipo ndiyo imayamba kugwira ntchito munthu akangoyatsa makinawo. Ntchito yake yoyamba ndi kupima ziwalo za kompyuta chimodzichimodzi, ndipo kupima kumeneku pa Chingerezi amakutcha Power-On Self-Test, mwachidule POST. Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake yotchedwa IBM PC m'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1981, POST idali kale m'katimo. Chinanso chokondweretsa nchakuti kampaniyo idasindikiza pulogalamu yonse ya BIOS m'buku lake la amisiri, kuti aliyense wofuna awerenge mzere ndi mzere ndi kuona m'mene makinawo amadzipimira.

Kupimako kuli ndi dongosolo lake. Kompyuta imayamba ndi purosesa, imene ili ngati ubongo wake, kenaka imaona ngati BIOS yomweyo ili yathunthu, kenaka titchipi tosunga nthawi, kenaka chigawo choyamba cha RAM, kumene imasungirako zinthu pamene ikugwira ntchito. Zonsezi zikayenda bwino mpamene imadzutsa khadi loonetsa zinthu pa sikirini, nkupitiriza kuwerenga RAM yotsala, kiyibodi ndi madisiki. Apa mpamene pagona nkhani. Ngati vuto lapezeka khadi la sikirini lisanadzutsidwe, kompyuta ilibe polemba dandaulo lake. Chimene yatsala nacho ndi kasipika kakang'ono ka m'kati, ndiye imalira. Sikirini yakuda pamodzi ndi kulira ndi umboni woti magetsi akulowa, purosesa ikugwira ntchito ndipo BIOS ikuwerengeka. Makina akufa sangachite zimenezi.

Pa makompyuta a IBM, kulira kamodzi kwakufupi ndiye kuti zonse zili bwino. Kulira kwakutali kamodzi kotsatana ndi kwakufupi kamodzi kumaloza bolodi lalikulu, pamene kwakutali kamodzi ndi kwakufupi kawiri kumaloza khadi la sikirini. Kulira kosalekeza kumakupemphani kuti muyambe mwaona bokosi logawa magetsi. Ngati sikirini yayaka, makinawo amalemba nambala: 201 ndi vuto la RAM, 301 ndi kiyibodi, 601 ndi choikamo disiki yaing'ono ija ya floppy, 1701 ndi hadi disiki. Pa IBM PC/AT ya chaka cha 1984, imene idabwera ndi batire losungira nthawi ndi mbiri ya ziwalo zake, 161 ndiye kuti batire latha ndipo 163 ndiye kuti tsiku ndi nthawi zasokonekera.

Komatu makompyuta ambiri akale sadali a IBM enieni. Makampani ena adayamba kupanga ofanana nawo, ndipo BIOS ankagula kwa ena monga Phoenix, imene idatulutsa yake mu 1984, American Megatrends kapena kuti AMI, imene idakhazikitsidwa mu 1985, ndi Award. Aliyense adali ndi kaliridwe kake. Phoenix imalira m'timagulu, mwachitsanzo kamodzi, kamodzi, kenaka katatu. AMI imangolira motsatana ndipo inu mumawerenga: katatu ndi vuto m'makilobaiti 64 oyamba a RAM, kasanu ndi kamodzi ndi katchipi koyang'anira kiyibodi, kasanu ndi katatu ndi khadi la sikirini. Nchifukwa chake munthu asanamasulire kulirako ayenera kuwerenga dzina lolembedwa pa katchipi ka BIOS. Safunsa adadya phula.

Zonsezi ine sindinkazidziwa. Adandiphunzitsa ndi amalume, amene adagwirapo ntchito yokonza makompyuta ali mnyamata. Nditawapempha kuti adzaone makina a agogo, ndinkayembekezera kuti afika nkuyatsa. Iwo adakana. "Mphwanga, chinthu chimene chagona zaka zonsezi suyamba ndi kuchipatsa magetsi. Uyambe wachiona ndi maso." Tidatsegula bokosilo, nkupemerera fumbi, ndipo pafupi ndi polumikizira kiyibodi tidapeza kabatire kooneka ngati kamgolo, katatuluka zinthu zobiriwira zonga ndere. Amalume adandifotokozera kuti mabatire amenewa, amene adali pa mabolodi ambiri a 386 ndi 486, akakalamba amachucha, ndipo madzi ake amadya timizere ta mkuwa ta pa bolodi. Adalidula ndi pulayasi, nkutsuka pamalopo ndi viniga pa kamswachi, kenaka ndi sipiriti. Atatero adati tidikire mpaka mawa kuti paume. Ine ndidanyinyirika, koma iwo adangoseka nkunena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

M'mawa mwake tidayatsa. Fani idazungulira, sikirini idali bii, ndipo kasipika kadati pii, pii, pii. Amalume adandiuza kuti ndiwerenge dzina la pa katchipi ka BIOS, ndipo lidali AMI. Katatu, ndiye kuti RAM. Pa bolodipo padali timakhadi tisanu ndi titatu ta RAM totchedwa SIMM, ta mapini 30, kalikonse ka megabaiti imodzi. Timakhadi ta mtundu umenewu pa 486 timagwira ntchito tinayi tinayi, chifukwa kalikonse kamanyamula mabiti 8 pamene purosesayo imafuna 32 nthawi imodzi. Tidatizula tonse, nkupukuta m'mphepete mwake ndi labala yofufutira pensulo, nkutibwezera. Idaliranso katatu. Apo amalume adachotsa tinayi toyamba, m'malo mwake nkuikamo tinayi tachiwiri. Titayatsa, sikirini idawala ndipo manambala a RAM adayamba kuthamanga. Kenaka tidayesa tinayi tochotsedwa tija kamodzikamodzi, mpaka tidapeza kuti kowonongeka kadali kamodzi kokha. Taganizani, kachidutswa kotalika ngati chala ndiko kakadatayitsa mbiri yonse ya banja.

Ulendo sudathere pomwepo. Tsopano kompyuta idalemba pa sikirini kuti batire palibe ndipo yaiwala ziwalo zake. Hadi disiki siinkaoneka, ndipo pamenepa munthu wopupuluma akadanena kuti disiki idapsa. Chikhalirecho BIOS ya nthawi imeneyo inkafuna kuuzidwa kapangidwe ka disikiyo, manambala atatu otchedwa cylinders, heads ndi sectors, ndipo manambalawo ndi amene adafufutika batire litatha. Mwamwai adali olembedwa pa chikuto cha disiki yomweyo. Tidawalowetsa pa mtundu wa nambala 47, umene BIOS ya AMI idasiyira mwini makina kuti adzilembere yekha. Disiki idalira ngati mphero yakutali, MS-DOS idatseguka, ndipo m'pulogalamu ya WordPerfect tidapeza zolemba za agogo zonse zili bwinobwino. Tidazikopera pa madisiki a floppy tsiku lomwelo. Madzulo ake amayi adakhala pa mpando nkumawerenga maina a agogo awo aakazi pa sikirini ija ankati aigulitse pa sikelo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, "Nanga ife za makina a m'ma 1980 ndi 1990 zitithandiza chiyani, pamene lero tili ndi malaputopu ndi mafoni?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndili ndi mayankho awiri. Loyamba nlakuti POST siidathe. Ngakhale BIOS yakale idalowedwa m'malo ndi pulogalamu yatsopano yotchedwa UEFI, kompyuta ya lero imadzipimabe ikayatsidwa. Ina imalira, ina imaphethira kagetsi kangapo, ina ili ndi timagetsi pa bolodi tolembedwa maina a ziwalo, ina imaonetsa manambala awiri, monga momwe amisiri akale ankaonera pa khadi lapadera limene ankalibaya pa bolodi kuti adziwe pamene kupima kwaimira. Yankho lachiwiri nlakuti makina akale ndiwo abwino kuphunzirirapo. Ziwalo zake nzazikulu, zimaoneka ndi maso, zimazuka ndi kubwezeretseka. Mu foni kapena laputopu yopyapyala zambiri adazimatirira pamodzi, ndipo wophunzira akalakwitsa waononga chinthu cha ndalama zambiri.

Ena anganenenso kuti kulira kwa kompyuta nthawi zina kumasocheretsa. Apa ndikuvomera ndithu. POST imakuuzani pamene kupima kwalephera, osati nthawi zonse chimene chachititsa. Kulira katatu kuja kukadatha kuchokera ku kamzere ka mkuwa kodyeka ndi batire, RAM ili bwinobwino. Ndiponso alipo mavuto amene salola makina kulira nkomwe. Pa IBM PC ndi XT muli tikapasita tina timene tikakalamba timagundanitsa magetsi, ndipo bokosi logawa magetsi limadzizimitsa lokha podziteteza, kotero kuti fani imangogwedezeka pang'ono nkuima. Koma ngakhale kukhala chete kumeneko kuli ndi tanthauzo lake: kukukuuzani kuti vuto lili poyambirira penipeni, POST isanayambe. Mmisiri wodziwa amachotsa makhadi ndi madisiki onse, nkusiya bolodi, magetsi ndi kasipika, kenaka nkumabwezera chimodzichimodzi mpaka wolakwayo adziulule. Kulira kuli ngati mau a wodwala akamati "pakundiwawa apa." Dokotala sathera pomwepo, koma amene samvera mauwo amayamba kupereka mankhwala mongolota.

Kulota kumeneku ndiko ndikudandaula nako. Kawirikawiri kompyuta ikakana kuyaka timamva mau awiri okha: "yapsa" kapena "tifufute zonse tiyambirenso." Mau oyambawo amatayitsa makina amene akadachira ndi labala ya pensulo. Achiwiriwo amafufuta ntchito ya anthu ya zaka zambiri, chonsecho vuto lili pa batire kapena pa RAM, kumene kufufuta sikungathandize konse. Amalume adandiphunzitsa malamulo anayi amene ndidawalemba kumapeto kwa kope langa: yamba waona ndi maso, mvetsera ndi kulemba chimene makina anena, sintha chinthu chimodzi chokha nthawi imodzi, usanene kuti wapeza vuto usanayesenso. Adaonjezapo chenjezo limene ndikupempha anzanga alisunge: usagwire m'kati pulagi ili pa khoma, ndipo usatsegule bokosi logawa magetsi kapena sikirini zija zazikulu zagalasi, chifukwa zimasunga mphamvu yoopsa ngakhale zitazimitsidwa.

Pempho langa tsono nali. Kwa abambo ansembe ndi aphunzitsi, ngati kwinakwake m'sitolo muli makompyuta akale ongodya fumbi, musawataye msanga. Tipatseni awiri kapena atatu, pamodzi ndi munthu wamkulu wotiyang'anira, kuti Loweruka masana tizitsegula, kumvetsera ndi kulemba zimene tapeza. Pa phunziro la kompyuta timaphunzira kulemba ndi kusunga mafailo, koma sitiphunzira chimene chimachitika pakati pa kuyatsa ndi kuwala kwa sikirini. Kwa makolo, musanaitane ogula zitsulo, funsani kaye kuti m'makinamo muli zotani, ndipo kodi alipo amene wawerenga kulira kwake. Kwa anzanga, mukadzamva kompyuta ikuti pii, pii, pii, musathamangire kuzimitsa. Tengani cholembera, werengani kuti yalira kangati, kwakutali kapena kwakufupi, ndipo onani dzina la BIOS yake.

Kompyuta ya agogo ija ili pa thebulo kwathu, ndipo tidaiikira mabatire wamba kunja kwa bolodi kuti asadzachuchirenso pa mkuwa. Zolemba zija tidazisindikiza, ndipo banja lililonse la kuchimuna ndi kuchikazi lidalandira zake. Ikayatsidwa tsopano imalira kamodzi kokha, ndipo ngakhale amayi adadziwa kuti kamodziko ndiye kuti zonse zili bwino.