Katunduyo mwini wake ndani?

Achinyamata anzathu, werengani izi ndipo mutumizire ena.

Heroin wochokera ku Afghanistan amabwera pa zombo mpaka m'magombe a kumpoto kwa Mozambique, kenako amakwera malole kupita ku South Africa. Chamba cha ku Nkhotakota, chomwe kunja amachitama kuti Malawi Gold, chimatuluka kudzera m'maboda ngati Mwanza ndi Dedza. Katundu wotere sadutsa mwamwayi, pali olandira kangachepe n'kuyang'ana kumbali.

Koma onani amene amagwidwa: dalaivala, kondakitala, mtsikana wosowa ntchito amene amulonjeza tikiti ya ndege ndi timadola. Mu 2022 mnyamata wa ku Blantyre anamugamula zaka 8 chifukwa cha chamba, pomwe bwana wa kampani ina yaikulu anangolipira chindapusa n'kukagona kwake. Achinyamata anachita zionetsero, simunaiwale.

Ku Maputo, mu Epulo 2020, apolisi anagwira Fuminho, shasha ya mankhwala ozunguza bongo yogwirizana ndi gulu la PCC la ku Brazil. Ndiye kuti akuluakuluwa n'kutheka kuwagwira. Kuno chikuvuta n'chiyani?

Apolisi ndi a MRA, tatopa ndi zithunzi za anyamata atakhazikidwa pansi pambali pa matumba. Tiuzeni analipira lole ndani, anadinda mapepala ndani.

Ndipo inu magaye, wina akakupatsani chikwama choti mukamusiyire mnzake kunja, kanani, kaya ndi wachibale. Ku China, Singapore ndi Indonesia chilango chake chimafika pa imfa, ndipo mukagwidwa wokutumaniyo amazimitsa foni tsiku lomwelo.