Mphuno si chokongoletsa ayi



Sabata yatha ndinakumana ndi mnyamata wina wachialubino amene ndinamuphunzitsa Fomu 2. Anali ndi kabala pamphuno kamene anakhala nako miyezi yambiri osapola. Kuchipatala anapeza kuti ndi khansa ya pakhungu, ndipo anadula mbali ya mphunoyo. Tsopano akudikira opaleshoni yoikonzanso. Achibale ena akumuuza kuti angothokoza Mulungu kuti ali moyo, zokongoletsa nkhope azisiye. Ine sindikugwirizana nawo.

Mphuno ili ndi zigawo zitatu: khungu lakunja, fupa lofewa lapakati, ndi kakhungu kam'kati. Khansa ikadya zonsezi, dokotala amayenera kubwezeretsa chilichonse, apo ayi mphuno imaphwafuka ndipo munthu amavutika kupuma. Fupa lofewa amalitenga kukhutu kapena kunthiti. Khungu amalitenga pamphumi, koma salidula lonse. Amalitembenuzira pamphuno likadali lolumikizika ku mtsempha wake wa magazi, ndipo pakatha pafupifupi milungu itatu m'pamene amadula polumikizirapo. Luso limeneli linachokera ku India, ndipo Joseph Carpue analigwiritsa ntchito ku London mu 1814. Kodi kupuma bwino n'kudzikongoletsa? Nanga mnyamata wofuna ntchito ayende bwanji ndi bandeji pankhope moyo wake wonse?

Koma chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Ndikukumbukira kuti pa asembule ndinkamuvulitsa chipewa mnyamatayu, ati ulemu. Ankaima padzuwa ngati anzake, chonsecho khungu lake lilibe melanin yomuteteza ku cheza cha dzuwa. Sindinganene kuti khansayo ndinayambitsa ndine, komabe sindinamuthandize.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Ena mwa iwo ali m'makalasi mwathu. Tiyeni tiwalole kuvala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, ngakhale yunifolomu ikunena zina. Aime pamthunzi, asaseme udzu masana, ndipo tiziwafunsa ngati adzola mafuta oteteza khungu. Tikaona bala losapola pankhope, tiuze makolo msanga, chifukwa kabala kakang'ono kamachotsedwa mosavuta kusiyana ndi kumanganso mphuno yonse.

Mwana wanga, ukamawerenga izi, opaleshoniyo usaiope. Ndipo za chipewa zija undikhululukire.