MALO NDI A GALIMOTO KAPENA A MWANA WANU?

Abale ndi alongo a m'makomboni, malamulo a kamangidwe ka nyumba aoneka ngati nkhani ya mabwana a m'maofesi. Koma mwana wanu akapita ku Yunivesite, wolipira lendi ndinu, ndipo lendiyo ikwera kapena kutsika ndi malamulo omwewa.

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Anthu wamba anasonkha ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti imangidwe. Lero ophunzira ali zikwi zambiri, ndipo zipinda zogona za pa sukulupo sizikwana. Otsalawo afunafuna pogona ku Kalingalinga, Kalundu, Ng'ombe ndi Mtendere, napanikizana anayi m'cipinda ca anthu awiri.

Nanga nyumba zicepa bwanji? Lusaka atakhala likulu mu 1935, atsamunda anampima ngati munda wa maluwa: nyumba imodzi yapansi pakati pa yadi yaikulu, ndi pogona galimoto la bwana. Anchito anaikidwa padera, ku Kabwata, pambuyo pake ku Chilenje ndi Matero. Ulamuliro uja unatha mu 1964, koma mtima wa yadi yaikulu ukalipo pa zipata za Yunivesite.

Khonsolo isanalole munthu kumanga, iyang'ana kutalika kwa nyumba ndi malo oimikapo magalimoto. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Puloti imene igoneka ophunzira 20 m'nyumba yapansi ingagoneke 80 m'nyumba ya nsanjika zinayi. Woletsa nsanjika apirikitsa ana 60. Galimoto limodzi lifuna malo a mamita 5 m'litali ndi mamita 2.5 m'lifupi, ndipo mukaonjeza potembenukira, malowo awirikiza. Pamenepo pakadakhala zipinda ziwiri. Womanga sataya ndalama zace: mtengo wa malowo auika pa lendi. Cotero mwana wa mlonda, woyenda pansi, alipirira pogona galimoto la mwana wa bwana. Kodi cimeneci ndi cilungamo?

Ngakhale ku America, dziko la magalimoto, ena adzidzimuka. Mzinda wa Buffalo unafafaniza lamulo lokakamiza malo a magalimoto mu 2017. Minneapolis, kumene kuli Yunivesite ya Minnesota, anacita comweco mu 2021. Ku Berkeley mu 2022, eni nyumba oyandikana ndi Yunivesite anapambana ku khoti kuti ophunzira asaonjezeke, kufikira Nyumba ya Malamulo ya California inasintha lamulo mofulumira. Wokhala kale ndi nyumba asunga bata lace, wopanda nyumba ndiye alipira.

Ena adzati nyumba zosanja zidzabweretsa phokoso, uve ndi ngozi. Mau awa sali acabe. Kolera ya mu 2017 ndi 2018, ndi ija ya mu 2023 ndi 2024, inaonetsa cimene cicitika anthu akaculuka popanda madzi abwino ndi zimbudzi. Cifukwa cace Khonsolo iumitse lamulo pa maziko olimba, pa mapaipi a madzi, pa ngalande za zimbudzi ndi pa masitepe othawirapo moto. Izi zisunga moyo wa munthu. Malo a galimoto sasunga moyo wa wina ali yense.

Palinso cina. Mu mseu wa Alick Nkhata, nyumba zakale za Kalingalinga zigulidwa imodziimodzi, ndipo m'malo mwace mumera masitolo ndi maofesi. Pa nthaka ya Yunivesite yeniyeniyo pali East Park Mall ndi bwalo lace lalikulu la magalimoto. Ngati cilolezo ca nsanjika cipatsidwa kwa eni makampani okha, mayi wa ku Kalingalinga adzagulitsa puloti yace nacoka. Nayenso aloledwe kumanga zipinda pamwamba pa nyumba yace, atapimidwa maziko, kuti lendi ya ophunzira itsale m'komboni.

Lamulo la mu 2015 la kapimidwe ka mizinda lipatsa anthu danga la kunena maganizo ao pulani isanabvomerezedwe. Mukakhala cete, adzalankhula ndi a kumayadi okha. Mwana wosalira anafera m'mbereko. Pitani kwa khansala wa m'wadi mwanu ndi ku misonkhano ya Khonsolo, mukafunse zinthu zitatu: nsanjika ziloledwe pafupi ndi Yunivesite, nyumba za ophunzira zisakakamizidwe kukhala ndi malo a magalimoto, mapaipi a madzi ndi zimbudzi ayambe kufika nyumba zisanakwere.

Makolo athu sanasonkhe nkhuku zao kuti adzukulu ao asowe pogona pa khomo la sukulu imene anamanga okha.