Tidzale misuku m'minda mwathu

Mwezi wa Novembala ukafika, masuku amadzaza misika ya ku Lichinga ndi m'mphepete mwa misewu. Amayi amagulitsa m'mabeseni n'kupeza ndalama ya mchere, sopo ndi makope a ana. Koma masuku ambiriwa amatoledwa kutchire, ndipo tchirelo likutha ndi makala, moto wolusa ndi minda yatsopano. Makampani adadzala paini ndi bulugamu wambiri kuzungulira mzinda wathu. Mitengo imeneyi imapereka matabwa ndi milongoti, koma ilibe chipatso choti mwana adye. Ife tikuti banja lililonse likhale ndi misuku yakeyake m'munda.

Poyamba, sungani imene ilipo kale. Msuku ukadulidwa umaphukanso pachitsa ndi kumizu. Mukamasosa, musazule mphukira zonse. Siyani imodzi kapena ziwiri zamphamvu, ndipo lambulani udzu mozungulira kuti moto usafike.

Ngati m'munda mwanu mulibe chitsa, yambani ndi nthangala. Sankhani mtengo wa masuku otsekemera. Tolani akupsa amene agwa okha, tsukani nthangala zake, muzifese msanga m'timatumba. Nthangala ya suku ikauma kapena ikakhalitsa, simera. Dothi lofesera sakanizani ndi dothi lochepa la pansi pa msuku waukulu. M'dothi limenelo muli tizamoyo ta mtundu wa bowa timene timathandiza mizu kupeza chakudya. Mbande zikhale pamthunzi, muzizithirira, ndipo mudzaziwokere m'munda mvula ya chaka chamawa ikakhazikika. Mukafuna kukumba timitengo kutchire la mudzi, pemphani kaye kwa amfumu. Kumanda ndi kumalo a makolo musakumbe.

Dziwani kuti pali msuku wamwamuna ndi msuku wamkazi. Wobala ndi wamkazi yekha, koma amafuna wamwamuna pafupi. Mbande ikadali yaing'ono, simungadziwe kuti ndi uti. Chotero musadzale umodzi. Dzalani isanu kapena kuposerapo.

Ena ati: "Msuku umachedwa." N'zoona, wofesedwa ku nthangala ungatenge zaka pafupifupi 10 usanabale. Ena amaopanso kuti adzalandidwa munda mitengo isanakule. Apa tiyenera kudziwa Lamulo la Malo la chaka cha 1997. Lamuloli likuti nthaka ndi ya Boma, siigulitsidwa. Koma likupereka ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT, kwa amene akukhalapo motsata mwambo wa kwawo, ndiponso kwa nzika imene yalima malo mwachilungamo kwa zaka 10. Ufuluwu ndi wa amuna ndi akazi mofanana. Ngakhale mulibe chikalata, umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka. Mzere wa misuku m'malire umathandiza anansi ndi amfumu kukumbukira amene adadzala ndi pamene munda wake ukulekezera.

Nyengo ya masuku ndi yaifupi, ndipo nthangala siidikira. Chaka chino, mukadya masuku okoma, musataye nthangala zonse kudzala. Patulani khumi, mufese sabata lomwelo. Mukafuna thandizo pa kakonzedwe ka mbande, funsani mlangizi wa zaulimi wa ku SDAE m'boma lanu.