Node isanayambe ntchito, ifunseni ili pa netiweki iti

Pulogalamu ya Geth, imodzi mwa zimene anthu amayendetsera node ya Ethereum, mukaiyatsa osaiuza kolowera imalunjika ku mainnet, kumene ether ndi ndalama zenizeni. Kuti ipite ku netiweki yoyeserera muyenera kuilembera nokha, monga --sepolia kapena --hoodi. Kamawu kameneka ndi kamene kamasiyanitsa munda wachitsanzo ndi munda wodyetsa banja. Maganizo anga ndi akuti aliyense woyendetsa node asamakhulupirire zimene akuganiza kuti analemba. Aziifunsa node yeniyeniyo kuti ili kuti asanatumize kalikonse, ndipo mapulogalamu amene timalemba azikana kugwira ntchito yankho likasiyana ndi limene akuyembekezera.

Vuto la Ethereum ndi lakuti maso sangakuuzeni. Ku Bitcoin adiresi yamakono ya ndalama zenizeni imayamba ndi bc1, yoyeserera imayamba ndi tb1, choncho munthu watcheru amaona msanga kuti wasochera. Ku Ethereum adiresi imodzimodziyo, ndi kiyi yake yomweyo, imagwira ntchito pa netiweki zonse. Chosiyanitsa ndi nambala yotchedwa chain ID: 1 ya mainnet, 11155111 ya Sepolia, 560048 ya Hoodi. Nambalayi inayamba kulowa m'siginecha mu 2016 kudzera mu EIP-155, Ethereum Classic itapatuka, pofuna kuti malipiro osainidwa mbali ina asabwerezedwe mbali inayo. Chitetezo chimenechi n'chabwino koma chili ndi polekezera. Ngati pulogalamu yanu imangotenga nambala imene node yapereka n'kusaina, isainira mainnet mosanyinyirika, ndipo zimene zalembedwa pa blockchain sizifufutika. Funso lofunsira nambalayi ku node, lotchedwa eth_chainId, limayankhidwa m'kanthawi kochepa. Amene akufuna kutsimikiza kwambiri afananitsenso block yoyamba, yotchedwa genesis, ndi imene eni netiwekiyo anafalitsa. Chiyambire pa 15 September 2022 node ndi mapulogalamu awiri, monga Geth ndi Lighthouse, ndipo onse ayenera kuloza kumodzi.

Ena anganene kuti ndikukulitsa nkhani. Amati kupatula ngozi yolowera ku mainnet, kulakwitsa pakati pa netiweki zoyeserera sikuluza munthu, popeza ndalama zake zimatengedwa ulere. N'zoona kuti palibe ndalama yotayika. Chimene chimatayika ndi umboni umene munthu amaufuna poyesererapo. Sepolia inakonzedwera olemba mapulogalamu ndi makontirakiti, ndipo si aliyense amene angakhale validator, wotsimikiza ma block, kumeneko. Wofuna kuphunzira ntchito ya validator malo ake ndi Hoodi. Woyesa pa malo olakwika amachokapo ali ndi chidaliro chopanda maziko, ndipo chidaliro chimenecho ndi chimene amapita nacho kumene kuli ndalama za anthu. Komanso tisaganize kuti zolakwika zotere ndi za ongoyamba kumene. Netiweki yoyeserera ya Holesky inalephera kuyamba pa 15 September 2023 chifukwa mafayilo a genesis sanagwirizane, mpaka anaiyambitsanso pa 28 mwezi womwewo. Mu February 2025, poyesa kusintha kotchedwa Pectra, mapulogalamu ena anali ndi adiresi yolakwika ya kontirakiti yolandirira madipoziti, ndipo Holesky inatha pafupifupi milungu iwiri osatsimikiza ma block ake. Olakwitsawa anali akatswiri amene amalemba Ethereum yeniyeniyo, ndipo chinawagwetsa ndi kamzere kamodzi m'makonzedwe a pulogalamu. Hoodi inabadwa mu March chaka chomwecho chifukwa cha chipwirikiti chimenechi.

Chotsutsa china n'champhamvu kuposa choyambacho: bwanji osangogwiritsa ntchito node za makampani monga Infura kapena Alchemy, iwo n'kumavutika ndi makonzedwewo? Kwa munthu amene intaneti imamudula kapena magetsi amamuzimira, nzeru imeneyi ndi yabwino ndithu, ndipo sindingamuletse. Koma funso lija silichoka. Ulalo wa mainnet ndi wa Sepolia amasiyana mawu amodzi, ndipo kukopera wolakwika n'kosavuta kuposa kuyatsa node molakwika.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malangizo akale amene adakali mbwee pa intaneti. Ropsten, Rinkeby ndi Goerli zonse zinapumitsidwa, koma maphunziro ambiri amauzabe wophunzira kuti alumikize kumeneko, iye n'kutha masiku akudzida poganiza kuti kompyuta yake ndi imene yalakwa pamene node ikulephera kupeza anzake. Netiweki zoyeserera zimakalamba ndipo zimatsekedwa mwadala. Wolemba malangizo aziika deti ndi chain ID pamwamba penipeni, ndipo wowerenga ayambe waona zimene Ethereum Foundation yalengeza posachedwa asanayatse node yake.