W wa tsindwi analakwanji?

Mnyamata wina wandionetsa kiyibodi yake yatsopano, mtengo wake matumba angapo a chimanga. Akuti batani lililonse umalipatsa ntchito yomwe ukufuna kudzera m'pulogalamu ya QMK. Ndiye iye wazipatsa ntchito yanji? Timagetsi tiziphethira ngati utawaleza, batani lina lizimuombera mfuti m'maseŵera. Ndati talemba "Malaŵi". Mnyamata kukamwa yasa!

Abale inu, QWERTY anaikonza ku America m'zaka za m'ma 1870, pa makina otayipira Chingerezi. Christopher Sholes sitingamuzenge mlandu, Chicheŵa sankachidziŵa. Nanga ife? Mu Unicode ŵ alimo, nambala yake U+0175, ndipo a ku Wales amamulemba m'liwu lawo la madzi, dŵr. Kale tinkanamizira taipi, tsindwilo n'kumalijambula ndi bolopeni pepala litatuluka. Lero tinamizira chiyani?

Caps Lock uyo wangokhala phwii pamalo aakulu, ntchito kukalipa basi. Mlandeni malowo mupatse ŵ. Ndipo inu amene mumati ŵ ngwosafunika, bwerani titsutsane poyera patsamba lino, osati kumupha mwakachetechete chifukwa chala chachita ulesi.