Thukuta la Miyezi Isanu ndi Inayi Lingofera Tsiku Limodzi?

Mu ligi yachiwiri ya ku England, ya Championship, matimu awiri apamwamba amakwera mwachindunji kupita mu Premier League, koma malo achitatu amalimbirana pa masewero achipulula. Apatu ndi pamene chilungamo chimafera.

Mu 2025 Sheffield United idathera pachitatu ndi mapointi 90 itasewera masewero 46. Sunderland, yachinayi, idali ndi 76 okha, itagonjanso masewero asanu omaliza motsatizana. Komabe pa 24 Meyi ku Wembley, Sunderland idapambana 2-1, Tom Watson atagoletsa m'mphindi zomalizira, nikwera.

Kodi mlimi wodzaza nkhokwe alandidwe chimanga poti wapunthwa tsiku limodzi? Ena amati chipululachi chimakometsa mpira. Chimakometsadi, makamaka m'matumba mwa ogulitsa matikiti ndi eni wailesi zakanema.